Msangu wa Atate ndi Ndowe za Njovu

Tabwera nazo kuno, Tisa, ndione zimene aphunzitsi akupatsanizo. Njere za msangu izi. Ndiye akuti mukaziviike m'madzi otentha, mawa muziike m'timapepala takudati? Ana inu muli ndi mwayi, nzeru akuchita kukudyetsani ndi supuni. Ine njere zomwezi zinandionetsa zakuda, ndipo zinatsala pang'ono kuwatengera atate anga kundende. Dalitso, siya kunyenya makokowo ukhale pansi. Mpirawo suthawa, iyi muimve kaye.

Ine sindinabadwire mbali ino. Mudzi wathu unali tsidya la Luangwa, kumene lero kumayenda magalimoto a alendo odzaona nyama. Boma litanena kuti dera lonselo likhale la nyama zokha, tinasamutsidwa n'kudzamanga kuno kwa Nsefu. Ndinali kabuthu, ndipo kunena zoona kusamukako kunandikomera, chifukwa anandilola kukwera bwato nditafungata nkhuku yanga. Amayi analira masiku awiri, lachitatu anayamba kuzira nyumba yatsopano. Atate sanalire, koma sanazolowerenso.

Chimene chinawatsalira kumtima si nyumba, si dimba, koma mtengo. Pakati pa munda wawo panali msangu waukulu, woti anthu atatu kugwirana manja osauzungulira. Khalidwe la msangu mukulidziwa: mitengo inzake ikamavala masamba ndi mvula, iwo ndiye umavula, kusiyira mbewu dzuwa, masamba ake n'kusanduka manyowa pansi. Feteleza amene makolo anu amathamangira ku Mfuwe ife sitinkamudziwa. Mapira a pansi pa mtengo uja ankapitirira denga la nyumba, ngala zake zolemera mpaka kuwerama. Inde mapira, chimanga chinali chongolawa masiku amenewo, ndipo tinkapera pa mphero titagwada mpaka mawondo kuchita zikang'a. Kuno tinapatsidwa dothi lotuwa. Chaka chilichonse atate ankaima pakati pa mapira onyentchera, kuyang'ana uku ndi uku, n'kulavula.

Ndiye chilimwe chikafika, madzi a Luangwa akatsika kulekeza m'mawondo, atate ankasowa. Kudzuka m'mawa, mphasa ilipo, ndodo palibe. Ankawoloka kukakhala tsiku lathunthu pansi pa msangu wawo, madzulo n'kubwerera ndi thumba la makoko, ati chakudya cha mbuzi. Sankapha ngakhale mbewa. Koma lamulo silinkafunsa kuti wapitira chiyani. Phazi lako likapezeka mu gemu, dera la nyama lija, ndiwe wolakwa basi.

Apa ndi pamene akulowera agogo anu aamuna, malemu a Yokoniya. Inu munawadziwa atakalamba, akusinza pa mpando wa ndalema. Mukanawaona masiku amenewo, atavala yunifolomu ya agemu, lamba wonyezimira, mfuti paphewa. Atsikana a m'mudzi muno ankatunga madzi kawiri tsiku limene iwo akudutsa kudooko. Anasankha ine, ndipo musaseke, nanenso ndinali ndi khosi langa. Anali sikauti, ntchito yawo kuyenda m'tchire kulondera nyama ndi kugwira aliyense wolowamo popanda chilolezo. Mwa mwambo wathu anadzamanga kwathu ngati mkamwini, khomo lathu kuyang'anana ndi la atate. Taganizani nokha, wogwira ndi wogwidwa kumwera mtsuko umodzi.

Atate anagwidwa kawiri. Koyamba anangowaperekeza mpaka kumtsinje. Kachiwiri anawatengera ku kampu, ndipo mwayi wake a Yokoniya sanali m'gulu limene linawagwiralo. Bwana wa pa kampu anawabweza kunyumba, koma anaitana a Yokoniya n'kuwauza pamaso pa anzawo kuti, "Mkuluyu ndi mpongozi wako, tikudziwa. Akapezekanso tsidya lija akupita kundende ku Chipata. Iwe ukamuona n'kuyang'ana kumbali, uvule yunifolomu." Chipata ya nthawi imeneyo sinali ya maminibasi anuwa, oti m'mawa wapita madzulo wabwerako ndi sopo. Unali ulendo wa masiku, wokwera mapiri. Munthu wa msinkhu wa atate, ndi chifuwa chawo chija, ndinadziwa kuti sakabwerako wamoyo.

Mkamwini sangauze mpongozi wake kuti khalani pansi. Awiriwa ngakhale kuyang'anana m'maso sankayang'anana, akakumana m'njira wina ankapatukira m'udzu. Choncho nkhondo yonse inagwera ine. Ndinapita, ndinagwada, ndinadandaula, ndinalira, mpaka ndinakalipa, poti pakamwa panga mukupadziwa. Atate anangondimvetsera akusema mpini wa khasu. Pomaliza anati, "Esinati, wamaliza? Chabwino. Tsiku limene mwana wa msangu wanga adzamere pa mudzi uno, ine tsidya ndasiya. Koma akhale wa mtengo wanga, osati wotola m'njira."

Ndinatuluka m'menemo ndikuvina. Ndinati nkhani yake ndi imeneyi basi? Makoko a mtengo womwewo analipo, otsala m'thumba kuseri kwa nkhokwe yawo. Chimene sindinaone n'chakuti mkuluyo ankamwetulira chamumtima.

Ndinaswa makoko aja n'kusankha njere monga timasankhira mbewu ya mtedza: zosalala, zonyezimira, zofiirira bwino. Ndinazitsuka, chifukwa ine ndi uve sitimwerana madzi, ndinazikwirira m'dothi kuseri kwa nyumba, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Madzi ake osenza pamutu kuchokera kumchenga wa mtsinje, kumene tinkafukula ndi manja n'kudikira kuti akhe, osati a pamjigo anuwa opopa mukucheza. Feresiya, mayi wako iwe Tisa, ali kumsana akundikoka tsitsi. Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Ndikafukula kuti ndione, njere ili momwemo, youma gwa ngati mwala wa legeni, osatupa ngakhale pang'ono. Ndinabwerera kuthumba kuti nditenge zina, n'kupeza zambiri zili ndi timabowo, tizilombo tadya m'kati. Zotsalazo ndinayesa kuziika pa chinyezi pansi pa mtsuko, ndinayesa dothi la pachulu, ndinazipempherera kumene. Zii.

Tsiku lililonse atate ankadutsa pamenepo manja ali kumbuyo, n'kufunsa ndi ulemu wonse kuti, "Mwaswera bwanji, alimi? Ana ayamba kukwawa?" Mutu unkandiwira. Safunsa anadya phula, ana inu. M'mudzi munali akuluakulu oti akanandiuza, koma ine ndinkafuna kupambana ndekha kuti ndidzayende nditatukula khosi lija.

Kutentha kunakula, mchenga unayamba kuonekera pakati pa mtsinje. Tsiku lina ndinawapeza atate akusoka thumba lawo pamene linang'ambika. Sanabise. Anati, "Makoko ayamba kugwa. Mwezi wangoonekawu ukafa, ndikukaona kwathu."

Ndinakawauza a Yokoniya, amene ankapukuta nsapato zawo pakhonde. Ndinati, "Bambo a Feresiya, njere zija zakana. Atate akupita." Iwo anafunsa kuti, "Njerezo mukuzitenga kuti?" Ndinati m'makoko, nanga njere zimachokera kuti. Iwo anati, "Ine m'tchire muja ndayendamo zaka. Timisangu tambiri ndimationa titamera pa ndowe za njovu, nthawi zina mulu umodzi tambirimbiri. Pamene pangogwera makoko sipamera kanthu kawirikawiri." Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapatozo. Ndinati ndiye masabata onsewa mukundiona ndikusenza madzi, inu pakamwa tsekeni? Anati, "Simunafunse, mayi." Mwamuna uja ndinkamukonda, koma tsiku limenelo ndikanamugenda ndi chipande.

Panatsala vuto limodzi. Njovu imadya kuno n'kukasiya ndowe uko, ndiye ndani angalumbire kuti njere iyi ndi ya mtengo uti? Atate akanatipherera pomwepo. A Yokoniya anati zimenezo ndiwasiyire, chifukwa ulendo wawo wa sabata imeneyo unkadutsa pa bwinja lathu. Ndinamva pambuyo pake kuti asananyamuke anakaima pamaso pa bwana wawo n'kufunsa ngati ndowe za njovu nazo ndi za boma. Bwanayo akuti anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwauza kuti atenge mmene angathere kusenza.

Anabwera tsiku la sikisi, cha m'ma folo koloko, chikwama chawo cha kumsana chili tutumu. Mkamwini akachokera paulendo salowa m'nyumba mwake asanapereke kanthu kwa apongozi, ndiye anthu ataona chikwamacho anati lero kwabwera nsomba zouma. Amayi anatuluka ndi lichero. A Yokoniya anagwada chapatali, anaomba m'manja, anamasula chikwama, n'kutulutsa zibuma ziwiri za ndowe, chilichonse kukula kwake ngati dzungu. Anaziika m'lichero la apongozi awo mosamala. Amayi anayang'ana licherolo, anayang'ana ine, kenako anati, "Akamwini, kodi ku gemuko njala yafika pamenepa?" Mudzi wonse unagwa ndi phwete. Azimayi ena anachita kugwirana kuti asagwe pansi.

Atate sanaseke. Analankhula kwa ine, monga ankachitira nthawi zonse akafuna mawu afike kwa mkamwini. "Esinati, wafunse amuna akowo, njovu yake iti?" A Yokoniya anayankha maso ali pansi. "Yamphongo yokalamba, bambo, yothyoka mnyanga wa kumanzere. Tinamanga msasa chapafupi masiku atatu, ndipo sinachoke pa msangu wanu kupatula kukamwa madzi. Imatsamiritsa mphumi pathunthu n'kugwedeza, makoko n'kumagwa ngati mvula. Ndowezi ndi za tsiku lachitatu." Atate anati, "Ikadali moyo mbava ija? Inandithera mapira imeneyo." Anadzuka msanga n'kunena kuti ndowe si mtengo, n'kulowa m'nyumba.

Ine wotsuka njere uja, tsiku limenelo ndinapisa manja onse awiri m'ndowe. Usachite tsinya, Dalitso, ndowe za njovu zimangonunkha udzu. Ndinazinyenya palichero, ndipo njere zinali momwemo, zotuwa, zokalikakalika, zonyansa, zenizeni zimene kale ndikanazitaya. Ndinatenga chitini cha mkaka chimene a Yokoniya anatola ku kampu, ndinachiboola pansi ndi msomali, ndinasakaniza dothi ndi ndowe, n'kuikamo njere zitatu. Zina ndinaziika m'phale kuti ndizifukula poonera. Zonse ndinazikweza pa thandala, kutali ndi nkhuku ndi mbuzi.

Tsiku lachitatu ndinafukula imodzi ya m'phale. Inali itatupa, ana inu, yonenepa kawiri kuposa mmene inalili, khungu lake lofewa loti chikhadabo chikulowa. Tsiku lachisanu ndinafukula ina, khungu lang'ambika, katuluka kamuzu koyera, kolunjika pansi ngati kakudziwa kumene kakupita. Mwaona tsopano chimene aphunzitsi anu akufuna ndi madzi otenthawo? Njere ya msangu inavala chikopa cholimba choti madzi salowa. M'mimba mwa njovu chikopacho chimafewa, tizilombo tija timafa, njere n'kutuluka itakonzeka, manyowa ake ili nawo kale. Ketulo yanuyo ikungogwira ntchito ya mimba ya njovu.

Tsiku la seveni m'mawa ndinakwera pa mtondo kusuzumira m'chitini. Dothi linali litang'aluka, ndipo panali kakhosi kobiriwira, kopindika ngati munthu wosenza mtolo wolemera. Ndinakhala pomwepo, madzi osatunga, pabwalo posasesa. Pofika masana kanali katadzutsa mutu, khungu la njere lili pamwamba ngati chipewa. M'mawa mwake chipewa chinagwa, patambasuka timasamba tiwiri tonenepa. Ndinathamanga mudzi wonse ndikululutira, Feresiya akugwedezeka kumsana, anthu kumayesa kuti kwabadwa mwana. Njere zina ziwiri zija zinaola, koma ndinalibe nazo ntchito. Patapita masiku pakati pa timasamba tija panatuluka tsamba lenileni la msangu, la timanomano tosalala, ndipo m'munsi mwake munayamba timinga tiwiri tofewa. Ndinkachilankhula chitinicho monga ndikulankhulira inu pano.

Ndinachinyamula kupita nacho kwa atate ndi manja awiri. Iwo anatembenuzira nkhope kukhoma. Anati, "Chomera m'chitini ndi maluwa a azungu. Ine ndinati pa mudzi." Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawauza kuti akubera, kuti pansi sindikaika mpaka mvula igwe, nanga ndikaike m'dothi louma mbuzi zili mbwee, kuti zidye iwo apeze ponamizira? Ndinabwerera nacho chitini changa pa thandala, ndikumati ndikusamala. Sindinadziwe kuti pamenepo ndikulakwitsa kachiwiri.

Mwezi unayamba kutha. Tsiku lililonse unkachepa, ine mtima nawo ukuchepa. M'mawa wina dzuwa litangotuluka ndinamva chitseko cha atate. Ndinasuzumira, n'kuwaona atanyamula ndodo, thumba lili paphewa. Tsiku lomwelo gulu la a Yokoniya linkawolokanso kupita tsidya. Iwo anali atavala kale yunifolomu, ataima pakhomo pathu, nkhope ataiyang'anitsa ku nkhokwe kuti asaone. Ndinadziwa kuti tsiku limenelo ndiluza mmodzi: atate apite kundende, kapena mwamuna wanga ataye ntchito ndi ulemu wake.

Ndinangotsitsa chitini pa thandala, ndinathamanga, n'kukaima pakati pa njira patsogolo pa atate. Ndinachikweza m'mwamba pafupi ndi nkhope yawo, misozi ikutsika, kuti afune asafune achione.

Anachionadi, koma maso awo sanapite pa masamba. Anapita kunsi kwa chitini. Pa bowo la msomali panali patatuluka muzu woyera, ukulendewera, nsonga yake itayamba kufota. Ine masiku onsewo ndinkangosuzumira pamwamba. Atate anagwetsa ndodo. Anati, "Ukumupha mwanayu." Ndinati ndimathirira tsiku lililonse. Anati, "Madzi a chiyani? Msangu umayamba kupita pansi, kumwamba umapita pambuyo. Muzu ukapindikira m'chitinimo, mtengo watha. Wakhala masiku angati muno?" Ndisanayankhe anandilanda chitini chija, n'kukhala nacho pansi pakati pa njira pomwepo.

Kenako ndinamva chimene sindinamvepo chikwatiwire. Atate anatembenuka, anayang'ana mwamuna wanga m'maso, n'kuitana okha kuti, "Akamwini, bwerani ndi mpeni wanuwo." A Yokoniya anatsamiritsa mfuti kukhoma n'kubwera chothamanga. Anagwada onse awiri m'fumbi, mitu kugundana, wina wagwira chitini wina akucheka m'mbali pang'onopang'ono. Atate ankalamula ngati bwana: chekani apa, dekhani, musakhudze muzu. Chitini chitatseguka tinaona zimene zinali m'kati. Kamtengo pamwamba kanali kotalika ngati chala changa, koma muzu, atauwongola, unachoka pa dzanja kukafika pafupi ndi chigongono. Unali utangoyamba kuzungulira kamodzi pansi pa chitini. Atate anati tikanachedwa masiku atatu tikanalira.

Anandituma khasu ndi mtsuko. Anayenda okha patsogolo, kamtengo kali m'manja, mpaka pakati penipeni pa munda wotuwa uja, pamene ankakonda kuima n'kulavula. Anakumba dzenje lolowa mkono wonse, osalola wina kuwathandiza, akutsokomola koma osaleka. Anautsitsa muzu chowongoka, anafumbata dothi losakaniza ndi ndowe zotsala n'kumathira pang'onopang'ono, akutsendera ndi zala. Madzi anathira ndi chikhatho, osati kukhuthula. A Yokoniya anadula nthambi za minga, ndipo awiriwo anamanga mpanda wozungulira, wolimba woti ngakhale kalulu sakanalowa. Dzuwa linali litakwera, thukuta lili kamukamu, thumba la atate lili kuja panjira pamene linagwera.

Pakamwa panga sipanadziletse. Ndinati, "Nanga ulendo uja, atate?" Sananditembenukire n'komwe. Anati, "Ndipite kuti mbuzi zidye? Inu awiri mungalere chiyani, anthu oika msangu m'chitini?" Ndinaseka ndikulira, mphuno zikutuluka, osachita manyazi.

A Yokoniya anali atachedwa kale, anzawo akuwadikira kudooko. Anapukuta manja pa udzu, anaomba m'manja kutsanzika, n'kuyamba kuyenda. Atafika m'mphepete mwa munda atate anawaitana. "Akamwini." Iwo anaima. Atate anali atakhala pansi pambali pa mpanda uja, maso ali pa kamtengo. Anati, "Mukadutsa kwathu kuja, mukaime pang'ono pa mtengo. Mukawauze mayi ake kuti mwana wafika bwino, ali m'manja mwanga."

A Yokoniya anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndikanena, bambo." Ndipo anakanenadi, anzawo akuwaonerera. Luangwa inadzaza n'kuphwa kasanu ndi kawiri atate akadali moyo, ndipo phazi lawo silinapondenso tsidya lija.